Lipoti la ulendo wathu wa ku Nashville potsata ntchito ya Allen Reynolds

Gulu lathu la Amalawi okhala ku America, amene timakumana chifukwa chokonda nyimbo za country, lidapita ku Nashville m'chigawo cha Tennessee ndi cholinga chodziwa anthu amene amagwira ntchito kumbuyo kwa oyimba otchuka. Tisananyamuke tidagwirizana kuti titsate mbiri ya Allen Reynolds, mlembi ndi mjambuli wa nyimbo, popeza ambiri mwa ife tidakula tikumva Don Williams pa wayilesi osadziwa amene adamuthandiza kupeza kayimbidwe kake kodekha kaja.

Tidayambira ku Country Music Hall of Fame and Museum, malo olemekezera akatswiri a nyimbo za country ndi kusungirako mbiri yawo, komwe kuli chikwangwani cha Don Williams, amene adalandiridwa kumeneko mu 2010. Kuchoka apo basi idatitengera ku RCA Studio B, komwe Jim Reeves ankajambulira, koma kumeneko sitidakhalitse.

Mtima wathu udali pa 16th Avenue South, msewu wa m'dera lotchedwa Music Row. Nyumba zambiri za mumsewuwu zikuoneka ngati zogonamo anthu, zina za njerwa zokhala ndi khonde ndi kapinga kumaso, chikhalirecho m'kati mwake ndi mojambulira nyimbo. Tidaima panja pa imodzi mwa izo, yomwe kale inkatchedwa Jack's Tracks. Reynolds, amene adabadwira ku Arkansas mu 1938 n'kukulira ku Memphis, adaigula nyumbayi kwa mnzake Jack Clement m'zaka za m'ma 1970, ndipo adagwiriramo ntchito zaka zoposa makumi atatu. Woyimba wa country Garth Brooks ataigula pambuyo pake, adaitcha Allentown pofuna kulemekeza Reynolds.

Tili chiimire pamenepo, mkulu wina wa m'gulu lathu adatiyimbira pa foni nyimbo za m'chimbale choyamba cha Don Williams cha mu 1973, chomwe Reynolds adajambula ku kampani ya JMI, ndipo adatipempha kuti titchere khutu ku zimene zikusowamo. Ng'oma ikugundidwa mopepuka kwambiri, zoyimbira n'zochepa, ndipo mawu a woyimba aikidwa patsogolo moti chilichonse chimene akunena chikumveka. Pa nthawi imeneyo ajambuli ambiri ku Nashville ankaunjika zoyimbira za zingwe ndi magulu a opolokoza. Ine ndikuona kuti luso la Reynolds lidagona pa kudziletsa kumeneku, ndipo mwina n'chifukwa chake nyimbozi zidafika pamtima anthu akwathu, ngakhale amene Chingerezi amachimva movutikira. Pajatu Don Williams adakayimba ku Harare mu 1997 atamva kuchuluka kwa omukonda kumwera kwa Africa.

Tidakambirananso za ntchito zina za Reynolds. Iye ndiye adajambula nyimbo ya Crystal Gayle ya mu 1977 yotchedwa Don't It Make My Brown Eyes Blue, ndipo kuyambira mu 1989 adayamba kujambula zimbale za Garth Brooks, zomwe zidagulidwa m'mamiliyoni. Pa zolemba, nyimbo yake Five O'Clock World idatchuka ndi gulu la The Vogues mu 1965.

Pobwerera, amayi ena amene amayimba m'kwaya adapempha kuti ulendo wotsatira tidzakonzeretu zolowa m'nyumba yojambulira pa nthawi imene ntchito ili m'kati, popeza zoonera panja sizidawakwanire. Komiti yavomera kulemba makalata opempha chilolezo.