Khosi la kadyansonga ku Johannesburg Zoo ndi ndodo ya m'nyanja yamchere

Anthu akamabwera kuchokera ku Joni amakonda kukamba za mzere wa pa Beitbridge, mitengo ya mabulangete kapena nkhawa ya mapepala. Ine ndabwerako ndi nkhani ya mafupa. Musandiseke, ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndiye maso anga amathamangira komweko. Tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa amalume anga amene amasamalira magaladeni ku Randburg, ndipo Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi anati, "Mphwanga, sungabwerere kumudzi utangoona mashopu okha. Tiye ukaone nyama." Msuweni wanga, mwana wawo, anatiperekeza.

Johannesburg Zoo ili m'mbali mwa msewu wa Jan Smuts, moyang'anizana ndi Zoo Lake, ndipo inayamba m'chaka cha 1904. Malo ndi aakulu, miyendo imatopa. Tinadutsa anyani ndi mbalame mothamanga, kenako ndinaima pa njovu mpaka amalume anayamba kuyang'ana wotchi.

Njovu ndinaziwonapo ku Liwonde, koma uli m'galimoto mtima umakhala m'mwamba, suyang'ana bwino. Apa ndinaona mwachifatse kuti njovu ikaima miyendo yake imakhala yoongoka kuchokera paphewa mpaka pansi, osati yopindika monga ya mphaka kapena galu. Chifukwa chake anachifotokoza wasayansi wa ku Italy, Galileo, kale mu 1638. Nyama ikakula kawiri m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu, kulemera kwake kumawonjezeka kasanu ndi katatu, pamene mphamvu ya fupa lonyamula katunduyo imangowonjezeka kanayi. Choncho nyama yaikulu singakhale nyama yaing'ono yongokulitsidwa. Mafupa ayenera kunenepa, ndipo ayenera kusanjana molunjika kuti katundu atsike ndi fupa lenilenilo m'malo motopetsa minofu. Nkhunzi ya njovu imafika matani 6. N'chifukwa chake simudzaiona ikudumpha. Pansi pa phazi pali mtsamiro wamafuta umene umaphwatalala ikaponda, n'kubwerera ikanyamula mwendo, ndiye chinyama chonsecho chimayenda mwakachetechete modabwitsa.

Chitamba ndiye nkhani ina. Mulibe fupa ngakhale limodzi, ndi minofu yokhayokha yolukana m'litali, mopingasa ndi mozungulira. Mnofu sufinyika kukhala wochepa, ukaupana mbali ina umatalika kwina, ndipo njovu imagwiritsa ntchito zimenezi potambasula, kupinda ndi kupotoza chitambacho. Lilime lanu limachita chimodzimodzi.

Pa kadyansonga amalume ndi amene anayambitsa mkangano. "Khosi lonseli, mafupa ake angakwane makumi angati?" Nditati asanu ndi awiri, ofanana ndi a m'khosi mwawo, anaseka nati aphunzitsi amanama mopanda manyazi. Koma ndi zoona, kungoti fupa limodzi limatha kufika masentimita 25. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi chingwe cha mnyewa chimene chimayenda kumbuyo kwa khosi kuchokera kumutu mpaka pamsana. Chimatamuka ngati mphira wa legeni. Nyamayo ikaweramitsa mutu kuti imwe madzi chingwecho chimakokeka, ndiye podzuka chimathandiza kubweza khosi m'mwamba. Kuimika khosi tsiku lonse sikuitopetsa kwenikweni. Mtima wake umapopa magazi mwamphamvu pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa munthu kuti afike kumutu, ndipo khungu la kumiyendo n'lothina kwambiri kuti magazi asadikhe kumapazi. Kwathu nyamazi ziliko ku Majete, kumene anabweretsako 13 mu 2018, zisanu ndi zinayi mwa izo kuchokera ku South Africa, koma ana anga a sukulu ambiri sanaionepo ndi maso.

Nthiwatiwa tinangoidutsa. Zala ziwiri basi kuphazi, minofu yonse ili kumtunda m'ntchafu, kumunsi ndi fupa ndi minyewa yaitali imene imasunga mphamvu poponda n'kuibweza ponyamuka. Imathamanga mpaka makilomita 70 pa ola.

Ndikuvomereza kuti kuona njovu mumpanda pakati pa tauni sikunandikomere kwenikweni. Nyama yoyenda mitunda italiitali yotere, malo aja ndi ochepa. Koma anthu a kumeneko akukangana kale za nkhaniyi, ine mlendo ndinangoisunga mumtima.

Madzulo tikudya nsima, ya ufa wawo woyera mbee uja, ndinkapitiriza kukamba za mafupa. Msuweni wanga, amene anagwirapo ntchito ku Cape Town akukhala ku Masiphumelele, anati, "Asuweni, inu mukutama zolimba zokhazokha. Dikirani." Anatulutsa kuseri kwa kabati ndodo yakuda, yokhota, yamphako mkati, yotupa kumapeto. Anaitola pagombe ku Kommetjie. Anaika pakamwa n'kuiliza mpaka oyandikana nawo nyumba anagogoda khoma.

Imeneyo ndi kelp, mtundu wa ndere zikuluzikulu zotchedwa Ecklonia maxima, zimene zimamera m'madzi ozizira a kugombe la kumadzulo, kuchokera chakufupi ndi Cape Agulhas mpaka ku Namibia. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, ndipo Cape Town ili kutali makilomita pafupifupi 1,400, ndiye sindinkayembekeza kuigwira m'manja kumeneko. Youma ndi yolimba gwa, koma iye anati ili m'madzi imakhala yofewa, yoterera, ndipo mafunde amaiweramitsa uku ndi uku tsiku lonse osathyoka.

Apa ndi pamene tsiku lonse linalumikizana m'mutu mwanga. Njovu imalimbana ndi kulemera kwake, ndiye imafuna fupa louma. Kelp ilibe vuto limenelo chifukwa madzi amainyamula. Imatalika kupitirira mamita 10 popanda thabwa kapena fupa. Mphako ija imadzaza mpweya, ndipo chotupa cha kumapeto chimayandama n'kukweza masamba pafupi ndi dzuwa. Mdani wake ndi funde. Chinthu chouma chikaima panjira ya funde chimalandira mphamvu yonse nthawi imodzi. Kelp imangotsatira madzi, ndipo popeza ndi yaitali, nthawi zambiri funde limabwerera isanakokeke mpaka pothera. Pansi ilibe mizu yoyamwa chakudya, ili ndi zogwirira zokakamira pamwala, chakudya imatenga ndi thupi lonse kuchokera m'madzi. Mkuntho ukakula, kawirikawiri imazuka yonse ndi zogwirira zake, n'chifukwa chake pagombe zimapezeka zathunthu.

Ngakhale fupa lenilenilo si louma lokha. Muli mchere wa kashiamu wolimbitsa, komanso ulusi wofewa wa collagen woletsa kusweka. Viikani fupa la nkhuku mu viniga kwa masiku angapo, lidzapindika m'manja. Liwotcheni pamoto, lidzafumbutuka.

Amalume anamvetsera zonsezi akutsuka m'manja, kenako anapita panja n'kubwera ndi botolo la feteleza wamadzi amene abwana awo amawagulira wothira maluwa. Pachikuto panalembedwa kuti amapangidwa kuchokera ku kelp yomweyo. Akhala akuthira zaka zambiri osadziwa kuti ndi ndodo imene mwana wawo amasokosera nayo m'nyumba. Anandipungulirako pang'ono m'kabotolo kuti ndikayese pa tomato kumudzi, koma ndodo ija msuweni anakana nayo kwamtuwagalu, ati ndikatole yanga ku Kommetjie.