Mmene ndimayendera ulendo wozungulira ku Ashridge kuchokera pa siteshoni ya Tring

Ashridge ndi dera la nkhalango ndi msipu la mahekitala pafupifupi 2,000 m'mapiri a Chiltern ku England, pamalire a Hertfordshire ndi Buckinghamshire, ndipo bungwe la National Trust, losamalira malo a mbiri ndi a chilengedwe, linayamba kulisamalira m'chaka cha 1926. Ulendo umene ndimaukonda kumeneko ndi wa makilomita pafupifupi 16, woyambira ndi kuthera pa siteshoni ya Tring, kumene sitima zochokera ku London Euston zimaima. Siteshoniyi ili kunja kwa tauni ya Tring, choncho chakudya ndi madzi ndimanyamuliratu kunyumba.

Chofunika kusankha musanayambe ndi mbali yolowera. Ine ndimayamba ndi mudzi wa Aldbury n'kudzabwerera kudzera pa phiri la Pitstone, chifukwa chikweza chachikulu ndimathana nacho miyendo ikadali ndi mphamvu, ndipo chigawo chomaliza, pamene kutopa kwayamba kusokoneza maganizo, chimatsata njira yaitali yotchedwa Ridgeway, yomwe ili ndi zizindikiro zosasocheretsa.

Kuchoka pa siteshoni ndimalowera kum'mawa m'kanjira kodutsa m'minda ndi m'mabusa a eni ake. Wina akhoza kuchita mantha poganiza kuti akulowa pamalo a mwini popanda chilolezo, koma lamulo la ku England limateteza njira zimenezi, ndipo muvi wachikasu pachipilala umasonyeza njira ya oyenda pansi okha, pamene muvi wabuluu umasonyeza njira imene apakavalo ndi apanjinga amaloledwanso. Udindo wa woyenda ndi kusapatuka m'njira, kusiya chipata mmene wachipezera, ndi kumanga galu pachingwe pamene pali nkhosa. Ku Aldbury sindichedwako, ngakhale kuti dziwe la pakati pa mudzi ndi matangadza akale amene ankatsekeramo miyendo ya olakwa n'zoyenera kuziona.

Kuseri kwa mudziwu njira imakwera molunjika m'nkhalango ya mitengo ya beech. Nthaka ya kuno ndi ya choko, ndipo mvula ikagwa imaterera ngati thelere, kotero nsapato zosalala pansi n'zosayenera ngakhale kumwamba kutayera. Mitengoyi ili ndi makungwa osalala otuwa, ndipo mthunzi wake ndi wothithikana kwambiri moti pansi pake pamangokhala masamba ouma ofiirira, amene amalira munthu akaponda. Ndikayenda mwakachetechete nthawi zina ndimaona agwape amawangamawanga ataima pakati pa mitengo, makutu ali njo.

Pamwamba pa chikwezachi pali chipilala cha Bridgewater, chotalika mamita 33, chimene chinamangidwa mu 1832 pokumbukira Francis Egerton, Duke wachitatu wa Bridgewater, yemwe anakumbitsa ngalande ya Bridgewater yonyamulira malasha kupita ku Manchester, imene inatsegulidwa mu 1761. M'kati mwa chipilalachi muli masitepe 172, ndipo chimatsegulidwa masiku ena m'nyengo yofunda. Apa ndi pamene ndimapumula nthawi yaitali, poti pali zimbudzi ndi malo ogulitsira tiyi, zinthu zimene sindidzazipezanso kutsogolo konse.

Mukaima pa chipilalacho n'kuyang'ana kum'mawa chakum'mwera, muona mpata wautali wowongoka pakati pa mitengo, wotchedwa Prince's Riding, ndipo kumathero kwake kumaoneka nyumba yaikulu ya Ashridge. Malo amenewo anayamba ngati nyumba ya amonke imene Edmund, Earl wa Cornwall, anakhazikitsa mu 1283. Elizabeth woyamba anakhalako asanakhale mfumukazi ya England, ndipo ndi kumeneko kumene anamutenga mu 1554 atamuganizira kuti anali ndi mbali pa kuukira boma kumene kunatsogoleredwa ndi Thomas Wyatt. Nyumba imene ilipo lero anayamba kuimanga mu 1808 motsatira mapulani a James Wyatt. Siili m'manja mwa National Trust, ndipo kupita kukafika pafupi n'kubwerera kumawonjezera makilomita angapo, choncho ine ndimakhutira ndi kuiona patali. Mpata umenewu ndi umene umandikumbutsa kuti nkhalangoyi, ngakhale imaoneka ngati yongomera yokha, inakonzedwa ndi anthu olemera amene ankafuna kuti diso la mlendo lithere pa nyumba yawo.

Kuchoka apo ndimalowera kumpoto m'njira yotakata ya m'nkhalango. Kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi maluwa a bluebell amayala pansi ponse, makamaka ku Dockey Wood, ndipo osamalira malowa amapempha kuti anthu asawaponde chifukwa akapondedwa amatenga zaka kuti aphukenso. Kenaka mitengo imatha mwadzidzidzi, mphepo n'kuyamba kuwomba kumaso, ndipo kutsogolo kumaoneka phiri la Ivinghoe Beacon, lotalika mamita 233 kuchokera pa mlingo wa nyanja. Pamwamba pake panali linga la anthu akale kwambiri, ndipo kum'mawa, pa phiri lina, pamaoneka chithunzi cha mkango woyera wa ku Whipsnade, chimene anachisema m'choko mu 1933. Juzi limene ndinavula pokwera ku Aldbury ndimalivalanso pano.

Phiri la Ivinghoe Beacon ndi mathero a njira ya Ridgeway, yotalika makilomita pafupifupi 140 kuchokera kufupi ndi Avebury, ndipo pobwerera ndimangotsata chizindikiro chake, chomwe ndi kachipatso koyera ka mtengo wa oak. Njirayi imadutsa pamwamba pa chigwa chakuya cha Incombe Hole n'kukwera Pitstone, pamene udzu ndi waufupi chifukwa cha ziweto zimene amazidyetsapo mwadala kuti zitsamba zisakute maluwa a m'tchire. Mphamba zofiira za mchira wamphanda zimene zimazungulira m'mwamba zinali zitatheratu m'derali, mpaka pamene anayamba kuzibwezeretsa mu 1989.

Chigawo chomaliza chimatsika m'nkhalango ya Aldbury Nowers, mmene mizu ya mitengo imapingasa njira ndipo pamafunika kuyang'ana pansi. Chizindikiro cha Ridgeway chimakafikitsa pamsewu wa ku siteshoni, ndipo pa ulendo wonse ndimapatula maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kupuma kuli momwemo. Mu Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho nyengo imeneyo ndimakwera sitima ya m'mamawa.