Tomato akamafota masana, zulani muone mizu

Tomato wanga ankafota dzuwa likafika paliwombo, madzulo n'kudzukanso ngati palibe chachitika. Ndinawonjezera madzi, kenako feteleza, koma masamba anangopitirira kuchita chikasu. Nditatopa ndinazula mtengo umodzi. Mizu yake inali mfundo zokhazokha, ina yonenepa ngati chala.

Musazisokoneze ndi timibulu ta pamizu ya nyemba. Timeneto mukatikwecha ndi chala timagwa, ndipo mkati mwake ndi mofiirira. Zanga sizinkachoka, chifukwa unali muzu weniweniwo wotupa. Oyambitsa vutoli anali manematodi a mtundu wa Meloidogyne, tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'dothi.

Kanyongolotsi kake kakamatuluka m'dzira kamakhala kotalika pafupifupi theka la milimita, koonda moti diso silikaona. Kamalowa chakunsonga kwa muzu, n'kuboola ndi kamlomo konga singano, basi kakhazikika pamenepo kumayamwa. Malowo amatupa, madzi ndi chakudya n'kumavutika kukwera. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira 500, ndipo dothi likakhala lofunda, pakangotha mwezi anawo nawonso ayamba kuikira. Dothi langa ndi lamchenga, lomwe timalikonda kwambiri tizilomboti.

Ndinazula zonse n'kuwotcha mizu. Kuisiya m'munda kapena kuiponya pamulu wa manyowa ndiko kusunga mazira. Nyengo yotentha itafika ndinalima mabedi, kuwathirira mpaka kukhuta, n'kuwafunditsa pulasitiki woonekera mkati, m'mbali mwake nditakwirira ndi dothi. Anakhala choncho masabata 6. Kutenthako kumapha manematodi apamwamba okha, apansi amatsala, choncho sindinathamangire kubwezeramo tomato.

Ndinadzalamo maluwa a marigold, omwe mizu yake imachepetsa manematodi, mothithikana, kwa miyezi 3. Apa ambiri amalakwitsa: maluwa awiri atatu m'mphepete mwa bedi amangokongoletsa, mizu yake iyenera kudzaza dothi lonse. Kenako ndinathira manyowa ambiri owola bwino.

Pogula mbewu ndinafunafuna paketi yokhala ndi chilembo N, chizindikiro cha mtundu wopirira manematodi. Kupirirako kumafooka dothi likatentha kupitirira madigiri 28, n'chifukwa chake ndinaphimbira mabedi ndi udzu. Nazale ndinaipanga pamalo atsopano, ndipo khasu ndimalitsuka ndisanachoke nalo pabedi lodwala.

Pokolola ndinazulanso mitengo ingapo. Timfundo ndinatipeza, koma tochepa ndi tating'ono, ndipo mizu yambiri inali yoyera. Bedi lomwe tinachuluka ndalilemba chizindikiro, chaka chamawa simulowa tomato.