Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Ku Gisozi ndi ku Nyamata

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ine ndi ophunzira anzanga tinali titangofika mumzinda wa Kigali, m'dziko la Rwanda, pa ulendo wa maphunziro a mbiri yakale. Ndivomereze kuti m'mawa wa tsiku lachitatu, pamene basi yathu inkakwera chitunda cha Gisozi, komwe kuli malo okumbukira anthu omwe anaphedwa mwaunyinji mu 1994, maganizo anga anali pa malikisi basi. Mphunzitsi wathu anali atatiuza kuti aliyense adzalembe lipoti, choncho ndinatenga kope latsopano ndi zolembera ziwiri ngati munthu wopita kukalemba mayeso.

Manambala ndinkawadziwa kale pamtima. Ndinkadziwa kuti pa 6 Epulo 1994 ndege yomwe inanyamula mtsogoleri wa dzikolo, Juvénal Habyarimana, pamodzi ndi wa ku Burundi, Cyprien Ntaryamira, inawomberedwa ikuyandikira bwalo la ndege la Kigali, ndipo kuti m'masiku pafupifupi 100 otsatira anthu osachepera 800,000 anaphedwa, ochuluka a iwo a mtundu wa Atutsi. Ndinkadziwanso kuti malo achikumbutso a ku Gisozi anatsegulidwa mu 2004 ndipo m'manda akuluakulu okutidwa ndi simenti omwe ali panja pake mwagona anthu opitirira 250,000. Zonsezi ndikanatha kuzilakatula ndili m'tulo.

Chimene mabuku sanandikonzekeretse ndi zikwanje. Zinaikidwa kuseri kwa galasi pamodzi ndi zibonga, zachita dzimbiri, zigwiriro zake zitasalala chifukwa chogwiridwa kawirikawiri. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa chimodzi mwa izo sichinkasiyana ndi chikwanje chomwe malemu bambo anga ankachipachika kudenga la khitchini, chomwe ndinkasadzira nacho mitengo ndili mwana. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti chipolowe chotere ndi ntchito ya asilikali ndi mfuti. Koma ambiri mwa anthu aja anaphedwa ndi anzawo a m'mudzi umodzi, anthu omwe ankabwerekana nawo mchere ndi kukhalira limodzi pamaliro, atasonkhezeredwa ndi gulu la zigawenga za mtundu wa Ahutu lotchedwa Interahamwe komanso wailesi ya RTLM yomwe inkatcha Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu. Pa zipata za pamsewu, chomwe chinkagamula moyo wa munthu chinali chiphaso chosonyeza mtundu wake, dongosolo lomwe atsamunda a ku Belgium anayambitsa m'zaka za m'ma 1930.

M'chipinda cha ana ndimo ndinaleka kulemba. Muli zithunzi zikuluzikulu, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse analemba zaka za mwanayo, chakudya chomwe ankachikonda, ndi mmene anafera. Mnzanga wina wa ku Zambia, yemwe m'basi ankatiseketsa ulendo wonse, anatuluka osanena kanthu. Ndinakamupeza atakhala pa benchi m'munda wa maluwa, ndipo tinangokhala phee, aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Masana tinapita ku Nyamata, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa Kigali, kutchalitchi komwe anthu zikwizikwi anathawirako pokhulupirira kuti palibe angakhetse magazi m'nyumba ya Mulungu. Malata a denga adakali ndi zibowo zomwe zimalowetsa timizere ta dzuwa, ndipo zovala za ophedwawo zinaunjikidwa m'katimo, zonse zitasanduka mtundu umodzi wa dothi. Bambo amene ankatitsogolera analankhula motsitsa mawu, mosafulumira. Mtsikana wina wa m'gulu lathu anawafunsa kuti, “Bambo, kodi inu munali kuti nthawi imeneyo?” Iwo anayankha kuti anali ndi zaka 11 ndipo anabisala m'madambo a gumbwa, kenako anatilozera khomo lotsikira kumanda apansi. Funsolo linandichititsa manyazi, ngakhale kuti nanenso linali kukhosi kwanga.

Tili m'basi pobwerera, ndinakumbukira nkhani yomwe amayi anga amakonda kuikamba monyadira, yoti pa 17 Meyi 1994 anaima pamzere kuyambira mbandakucha atandibereka kumbuyo, kukaponya voti pa chisankho cha matipate. Ndinawerengetsera masikuwo m'zala ndipo ndinapeza kuti tsiku limenelo kuphana ku Rwanda kunali kutatha masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo kunali kukupitirira. Chaka chomwecho msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, ku Dowa, unatsegulidwa. Ine ndinakula ndikugula sopo ndi shuga m'magolosale a anthu omwe tonse tinkangowatcha Maburundi, osalabadira ngati anali a ku Burundi, a ku Rwanda kapena a ku Congo, ndipo sindinafunsepo ngakhale mmodzi chomwe chinamuchotsa kwawo.

Usiku ndinawaimbira foni amayi. Anandifunsa ngati ndadya komanso ngati kumeneko kukuzizira, ndipo ine ndinawafunsa kuti, “Amayi, kodi chikwanje cha abambo chija chidakalipo?” Anadabwa, nandiuza kuti amalume anachibwereka chaka chatha ndipo sanachibwezebe. Lipoti lija ndinalipereka mochedwa ndi masabata awiri, ndipo zomwe mphunzitsi analembapo ndi inki yofiira ndidzazifotokoza m'gawo lotsatira.