P2015 ndi tizitseko ta mu intake manifold: tsopano zandilowa

Anzanga amene tikuphunzira umakaniko, sabata ino mtima wanga wakhala pansi. Nkhani ya tizitseko ta mu intake manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), timene m'magalaja amati ma flap, yakhala ikundizunguza mutu chiyambireni phunziro la ma code, manambala aja amene kompyuta ya galimoto imasunga ikaona vuto, koma pano yalowa. Za momwe timalumikizira sikana yowerengera ma code pa OBD, soketi yake ya m'galimoto, sindikambapo, tonse tinadutsamo. Chimene chandimasula n'chakuti code sitchula chimene chawonongeka. Imangonena chimene kompyuta ya galimoto yadandaula nacho.

Tengani P2015. Pa sikana imabwera ndi mawu onena za sensa yoyeza pamene tizitseko taima, ndiye munthu amangoganiza zokagula sensa. Komatu kompyutayo ilibe maso. Imalamula kuti tizitseko titseguke, kenako imadikira sensa iuze ngati tafikadi pamene inafuna. Yankho likasiyana ndi lamulo, imayatsa nyali ya check engine n'kutchula sensa, poti ndiyo yabwera ndi uthengawo. Kuisintha usanayeze zina kuli ngati kukalipira mwana amene wathamanga kudzakuuza kuti mbuzi zalowa m'munda.

Pakati pa lamulo ndi yankho pali mzere wautali: mawaya, solenoid (kavalavu ka magetsi kotsegulira vakyumu), kapaipi ka vakyumu, diaphragm (kachikopa ka labala) ya mu actuator, yomwe ndi kachida koyendetsa tizitseko, kamkono kokankha shafuti, tizitseko tenitenito, ndiyeno sensa kumapeto. Chilichonse mwa izi chikafooka, P2015 yomweyo ikhoza kubwera. Pa injini ya 2.0 TSI ya Volkswagen, ija ili mu Golf 6 GTI, solenoid yake ndi N316, sensa ndi G336, ndipo tizitseko timatseguka injini ikafika cha m'ma 3,000 rpm. Pa 2.0 TFSI ya mu Golf 5 GTI mulibe za vakyumuzi, tizitseko timayendetsedwa ndi kamota ka magetsi, V157. Code imodzi, koma poyambira kufufuza n'posiyana.

Nditamvetsa chifukwa chake tizitsekoti tilipo, zizindikiro zinayamba kudzifotokoza zokha. Injini ikamalira pansi mpweya umalowa mwaulesi. Tizitseko timatseka mbali ina ya njira kuti mpweyawo udutse popapatiza, uthamange, ulowe mu silinda ukugubuduzika, petulo asakanikirane nawo bwino. Ukaponda moto injini imafuna mpweya wambiri, ndiye tizitsekoti timachoka panjira. Choncho tikakanirira totseka, yomwe ndi P2006, galimoto imalira bwinobwino m'mawa, m'tauni imayenda, koma ukafuna kupitirira lole pa chitunda imakhala ngati wina waigwira kumbuyo. Tikakanirira totsegula, P2004, vuto limamveka pansi: injini yozizira imanjenjemera, ponyamuka imazengereza. P2008 ndiye imanenadi za magetsi opita ku solenoid, ndipo pamenepo multimeter ndi mawaya ndi poyambira pabwino.

Tsopano kapampu ka vakyumu ka pamanja. Anzanga, kachida aka ndakakonda kwambiri. Uzula kapaipi pa actuator, lumikiza kapampu, popa, maso ali pa kamkono ndi pa singano ya geji. Pamenepo iweyo wasanduka kompyuta, ukulamula wekha popanda solenoid. Kamkono kakayenda mpaka kumapeto singano n'kuima nji, actuator ilibe mlandu, bwerera m'mbuyo ku paipi ndi solenoid. Singano ikamatsika yokha, diaphragm yang'ambika. Singano ikagwira koma kamkono n'kuima pakati, china chake chikutchinga mkati. Ndipo ngati kamkono kakuyenda bwino pomwe nambala ya sensa pa sikana sikusuntha, apo ndi pamene ungayambe kukayikira sensa kapena polumikizira pake. Mphindi zochepa chabe, mzere wonse uja waudula pakati. Ine atandiuza kuti ndisankhe chida chimodzi pa vuto ili, sikana ndingaisiye n'kutenga kapampu. Sikana imakupatsa madandaulo, kapampu kamakuonetsa chitsulo chikuyenda kapena chikukana, ndipo sikafuna batire kapena intaneti.

Kanthu kena ka geji kamene ndingakondwe mutakadziwa. Mabuku amati injini ya petulo yabwino, yopanda turbo, imakoka vakyumu ya mainchesi 17 mpaka 22 pa geji ikamalira payokha. Nambalazi n'zakumalo ofanana ndi nyanja yamchere. Pa mamita 300 aliwonse amene wakwera umataya pafupifupi inchi imodzi, ndipo Lilongwe ili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Ndiye geji ikaonetsa zotsikirapo ndi mainchesi atatu kuno, musafulumire kunena kuti pali podontha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi zikanatheka kutiphunzitsa tsiku limodzi. Aphunzitsi athu anatilembera ma code pa bolodi, P2004 mpaka kumunsi, n'kutiuza kuti tiloweze chifukwa abwera pa mayeso. Tinalowezadi. Koma palibe anatiuza kuti kompyuta imalamula kenako n'kumvera yankho, chonsecho mfundo imeneyi ndi imene imagwira nambala zonsezo pamodzi. Nthawi ya pulakitiko nayo ndi yochepa, kalasi yonse kuunjikana pa injini imodzi, wakumbuyo amangomva kuti "mwaonatu?" asanaone kanthu. Sindikuti iwo sadziwa ntchito, manja awo ndi akatswiri. Koma silabasi ikuwathamangitsa, ndipo ife timatuluka tikudziwa maina a matenda osadziwa kupima wodwala. Zimandidetsa nkhawa chifukwa mawa lino ndife tidzauze mwini galimoto kuti agule manifold yonse, ndalama zimene mwina wasonkha miyezi.

Pali mbali imodzi imene sindinakhazikike nayo. Pa injini zothira petulo mwachindunji mu silinda, petuloyo sadutsa m'njira za mpweya kuti azitsukamo, ndiye nthunzi ya oyilo yochokera ku PCV, njira yobwezera nthunzi ya m'munsi mwa injini ku manifold, imamatirira n'kuuma. Pa za dizilo EGR, imene imabwezera utsi wina mu injini, imawonjezera mwaye wake. Kapampu kadzandiuza kuti tizitseko tikukanirira, inde, koma sikandiuza ngati kutsuka kukwanira kapena shafuti yadyeka kale pamene imazungulira. Komanso ndimayesa injini itaima, nthawi zambiri itazizira, pomwe magalimoto ena nyali imayaka pokhapokha atatentha ali pa msewu, mawa lake n'kuzima yokha. Galimoto yotere ikhoza kupambana mayeso anga onse n'kubwereranso Lachisanu ndi code yomweyo. Pamenepo nditsuke ndione, kapena ndimuuze mwiniwake ayitanitse manifold ina ku Johannesburg adikire? Ndikuganizabe, ndipo amene mwagwirapo ntchito yotereyi kangapo mundiuzeko mumayang'ana chiyani musanagamule.