Tsiku lathunthu lathera pa apudeti ya foni

Abale inu, dzulo ndataya tsiku lonse chifukwa cha kanthu koti sindimadziwa n'komwe kuti kali mufoni mwanga. Anandiopseza ndi mphwanga wa zamakompyuta uja, akuti mu Linux, amene ali pansi pa Android, munali dalaivala wa USB audio (kapulogalamu kamene kamayendetsa zipangizo za mawu zolumikiza pachaja) wongokhulupirira chilichonse chomwe wauzidwa. Munthu akalowetsa kachipangizo konamizira kuti ndi sound card (chipangizo cha mawu) ya mtundu wa Extigy, n'kunama nambala ya ma configuration ake, dalaivalayo amakalowa mu memory yoti si yake. Vutolo analitcha CVE-2024-53197. Ine ndimaseka, mpaka anandiuza kuti a Amnesty International anapeza kuti ku Serbia achitetezo anatsegula foni yokiya ya wophunzira wina wa zionetsero ndi zida za Cellebrite, kampani yopanga zida zotsegulira mafoni okiya, polowera pake pachaja pomwepa. Google inatseka bowolo mu April 2025.

Ndiye pitani ku Settings, About phone, muone deti la Android security update. Likhale 2025-04-05 kapena kutsogolo kwake. Langa linali la 2024, ndikadina ikungoti zonse zili bwino.

Apa ndi pamene ndinapusa. Ndinakwera minibasi kupita kwa okonza mafoni mtauni, ndadikira kuyambira 9 koloko mpaka kudutsa nkhomaliro iye ali kalikiliki ndi ma screen a anthu ena, kenako wangodinadina mphindi zisanu n'kuti "bwana zatheka, K5,000". Ndafika kunyumba deti lili lomwe lija! Chomwe anapanga ndi Google Play system update, yomwe ndi ina, siikhudza dalaivalayu. Yofunikayo imachokera kwa amene anapanga foni yanu. Onani deti musanalipire.

Iiih ndaiwala, foni yangayo imakanira chifukwa malo anadzaza, komanso inali yotchera kuti izikoka apudeti pa Wi-Fi basi. Mphwanga yemweyo ndi amene anatulukira usiku, tinafufuta mavidiyo a magulu a WhatsApp, a kumpingo ndi a maliro omwe, n'kulumikiza hotspot yake. Bandulo yake inaphwa, magetsi n'kuzimanso batire ili pansi, tinachita kupempha power bank kwa aneba.

Onani deti, osati mawu a wokonza. Panopa yanga yadutsa pamenepo. Ya mayi ndiye apudeti inasiya kalekale kubwera, ndangowauza kuti asamaisiye kotchajitsa kumsika, andiyankha kuti ndiwagulire sola kaye.