Sabata yothamangitsana ndi mbuzi

Amayi mpaka lero sanamvetse kuti ndimagwira ntchito yanji ku Joni kuno. Akaimba foni Lamulungu madzulo amangofunsa kuti, "Nanga mwanangu, zoseweretsa zija zikuyenda?" Ndimalemba mapulogalamu a magemu a pafoni pa kakampani ka anthu 7, ndipo uno ndi mwezi wanga wa 8. Sabata yathayi ngati ndinasewerako gemu, ndiye ola limodzi silinakwane. Nthawi ina yonse inathera pa mbuzi.

Gemu tikupangayi ndi ya kamtsikana kokusa ziweto kuti zilowe m'khola dzuwa lisanalowe, ndipo kayendedwe ka mbuzi ndi gawo langa. Lolemba m'mawa, pa kamsonkhano kathu kachoimirira, mnzathu woyesa magemu anangoika mafoni awiri patebulo osanena kanthu. Pafoni yodula ya abwana mbuzi zinkathamanga ngati zaona fisi, moti kamtsikanako sikakanazigwira. Pafoni yotchipa, ya galasi long'aluka, mbuzi zomwezo zinkayenda monyang'wa ngati zakhuta madeya. Onse anaseka. Ine thukuta linali kamukamu, chifukwa pa laputopu yanga zonse zinali bwinobwino.

Vuto ndinalipeza masana, ndipo linali lochititsa manyazi. Gemu ndi zithunzi zosinthana mofulumira. Pa laputopu yanga zimasinthana ka 60 pa sekondi, ndiye ine ndinalemba kuti chithunzi chikasintha, mbuzi isunthe pang'ono. Foni ya abwana imasintha ka 120, yotchipa ija inkangokwanitsa ka 30. Ndiye kwina liwiro linawirikiza, kwina linatsika ndi theka. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa liwiro ndi nthawi imene yadutsa kuchokera pa chithunzi chapitacho. Mu Unity, pulogalamu imene timamangira magemu athu, zimenezi zimatchedwa Time.deltaTime, ndipo wophunzira aliyense amauzidwa tsiku loyamba. Ndinkazidziwa. Ndinangoiwala pamzere umodzi umene ndinalemba usiku wina ndili ndi tulo.

Ndinakonza, n'kupita kunyumba mtima uli m'malo. Lachitatu mnzanga uja anabweranso ndi foni yong'aluka ija. Tsopano mbuzi zinkatuluka m'khola lotseka.

Apa ndiye ndinavutika. Ndinazilowetsa m'khola maulendo osawerengeka osaona kanthu, kenako mwadzidzidzi imodzi ili kunja ikudya udzu. Bug, ndiye kuti cholakwika cha mu pulogalamu, ikamachitika nthawi zonse ndi yabwino, umaigwira. Yobwera ikafuna ndiyo imaumitsa mutu. Mayi amene amayang'anira code yathu, ndiye kuti mapulogalamu amene timalemba, amene wakhala pantchitoyi zaka zoposa 10, anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Sanandiuze yankho. Anangondifunsa kuti mbuzi imapita kutali bwanji foni ikaima kwa kanthawi. Ndinaika manambala pa sikirini n'kudikira. Foniyo ikatentha inkachita chibwibwi, ndipo ikatero nthawi yodutsayo inkakula, mbuzi n'kusuntha mtunda wautali kamodzi n'kamodzi. Chithunzi ichi ili mkati, chotsatira ili kunja, mpanda osaukhudza n'komwe. Kukonza kwa Lolemba kuja ndiko kunabala vuto la Lachitatu. Tinasamutsa kayendedweko kuti kaziwerengedwa pa wotchi yosasinthasintha, imene mu Unity imagunda ka 50 pa sekondi, ndipo mpandawo tinaunenepetsako. Pofika 6 koloko mbuzi zinali zomvera. Magetsi anazima tili mkati mosunga ntchito, koma zimenezo kuno tinazolowera.

Lachinayi silinali labwino. Abwana anachotsa mvula m'gemuyi. Ndinatha masabata atatu ndikuipanga: madontho, matope, mbuzi kudzikutumula. Inkakongola kwambiri pa kompyuta, koma mafoni otchipa ankatentha nayo ngati mbaula, ndipo anthu ambiri amene adzasewere gemuyi ali ndi mafoni oterowo. Kuti gemu iyende ka 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chimafunika kutha m'mamilisekondi osakwana 17 (sekondi imodzi ndi mamilisekondi 1,000), ndipo mvula yangayo inkadya gawo lalikulu yokha. Abwana sanalakwitse. Komabe nkhomaliro ya tsikulo sinanditsike bwino.

Usiku womwewo mwana wa amalume, amene wangolemba MSCE ku Zomba, ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, ndikufuna ntchito ngati yanuyo, ndiyambire pati?" Ndinamuuza mmene ine ndinayambira. Sindinalowe ndi digiri ya magemu. Ndinapanga bawo ya pafoni pa laputopu yakale, maenje 32 ndi nkhomo 64, yonyansa kuiona koma yotha, yoti munthu n'kusewera mpaka wina kuluza. Pofunsidwa mafunso a ntchito, anthu aja sanachedwe ndi mapepala anga. Anatsegula bawoyo n'kuyamba kufunsa chifukwa chake kompyuta inkasankha dzenje ili osati ilo. Ndinamuuza kuti atsitse Godot, pulogalamu yomangira magemu ngati Unity, yomwe ndi yaulere ndiponso siidya bandulo yambiri, apange kanthu kakang'ono n'kukaika pa itch.io, tsamba la pa intaneti loikapo magemu, kumene salipiritsa. Januwale akafika alowe nawo Global Game Jam, kumene anthu amapanga gemu m'maola 48. Za Google Play, kumene amafuna madola 25 polembetsa, kapena Steam, msika wa magemu a pakompyuta, kumene gemu iliyonse ndi madola 100, adzaziganiza m'tsogolo. Ndinamukumbutsanso kuti gemu ya Broforce, imene inagulidwa padziko lonse, inapangidwa ndi kampani ya Free Lives ku Cape Town, ndipo gemu ya Semblance ya 2018 inachokera ku kampani ya Nyamakop mu Johannesburg momwe muno. Iye anayankha kuti akufuna kupanga gemu ya mpira yoposa FIFA. Ndinamuuza kuti ayambe wapanga mpira umodzi wodunda bwino.

Lachisanu timaitana anthu apadera kuti asewere ife tikuonerera, ndipo lamulo lake ndi lakuti usawathandize. Kunabwera amayi ena ogulitsa zakudya pansi pa ofesi yathu pamodzi ndi mwana wawo wa zaka 9. Mwanayo anakusa mbuzi zonse mosavuta, palibe inadumpha mpanda, ndipo palibe anazindikira kuti pamenepo panathera masiku atatu a munthu. Amayi akewo anafika pakhola n'kuima. Batani lotsekera chitseko, limene tonse 7 tinkaliona ngati loonekeratu, sanalione. Anagogoda chitsekocho ndi chala, anapendeketsa foni, anagogodanso, mbuzi n'kumatuluka imodziimodzi. Manja anga ndinachita kuwakhalira. Patapita kanthawi anabweza foniyo n'kunena kuti mbuzizo n'zamwano ngati za kwawo.

Abwana analemba pakapepala kachikasu kuti chitseko chizitsekeka munthu akachigogoda, n'kukamata pa laputopu yanga. Ndikayamba nacho Lolemba.